A Chafutambuyo pa Mlatho wa Mkamwini

Bwera nayo kuno foniyo, Tiyamike, ndionenso. Iii, taonani mmene ukudzipotokolera! Mlatho wonsewu, wodutsapo magalimoto, n'kumapindika ngati chitenje chili pachingwe. Ukuti ndi mphepo yokha imeneyi, popanda chivomezi, popanda madzi osefukira? Usachite kulumbira, mwanawe, ine ndakhulupirira kale. Abale akowa ndiwo akuti ndi zakanema zongopeka. Ine ndinazionapo ndi maso angawa, kumunsi kuno, pamlatho womwe uja munawoloka dzulo pochokera kokwerera basi. Ndipo amene anauvinitsa chonchi ndi agogo anu aamuna.

Sendererani muno m'chigafa, fumbi lingakulowereni m'maso. Madalitso, lichero la mtedzalo likhale pakati. Tikuswa wobzala, osati wotafuna, ndikuliona tsaya lakolo likuyenda. Inu mwakula mukumva anthu akuti ndinu zidzukulu za a Chafutambuyo, ndipo mumangovomera ngati ndi dzina la ubatizo. Dzina lawo anali a Layisoni. La Chafutambuyo analitola pamlatho paja chifukwa cha ine.

Tinabwera kuno ku Kasungu pa lole yotenga matenanti, kuchokera kwathu ku Phalombe. Esinati, amayi ako iwe Tiyamike, anali kumsana, akuyamwabe. Katundu wathu anali mphasa, timapoto, ndi kathumba ka kalongonda kamene amayi anga anandipatsa kuti ndikabzale. Simumudziwa kalongonda inu. Mukanamuona akuwira tsiku lonse pamoto mukanathawira ku tchipisi chanucho. Chimene chinandidabwitsa titatsika lole si anthu kapena kalankhulidwe kawo, koma dziko lopanda pobisala. Kwathu mphepo imayamba yagunda phiri, imafika pakhomo itatopa. Kuno imachokera kumene ikuchokerako osakumana ndi kanthu, n'kukupeza pamtondo ikadali ndi mphamvu zake zonse. Ufa woyanika pamphasa unkathera m'mwamba, ine n'kumalalata ndekha ngati wamisala.

Koma mphepo yomweyo ndi imene inkatidyetsa. Fodya wathu wa bale saumitsidwa ndi moto. Mumathyola masamba, kuwasoka, kuwapachika pamikangala m'chigafa chonga chino, ntchito yotsalayo ndi ya mphepo. N'chifukwa chake chigafa sichikhala ndi makoma. Agogo anu zimenezi ankazidziwa bwino lomwe. M'mawa ankapisa dzanja pakati pa masamba n'kunena kuti lero fodya wafewa, tisankhe msanga mphepo isanamuumitse. Ndikukuuzani izi kuti mukamva zimene anachita musaganize kuti anali munthu wosaidziwa mphepo.

Esiteti inali tsidya lino, kumene tikukhala mpaka lero. Zina zonse zinali tsidya lija la mtsinje: mudzi wa eni nthaka, tchalitchi, chigayo, msika, ndi manda. Pakati pake pali dziwe lija losaphwa ngakhale mu Okutobala, magombe ake oti mbuzi imayamba yaganiza isanatsike. Mlatho anaumanga a Nyirenda, makaniko wa mathirakitala pa esiteti, munthu wochokera cha ku Nkhamenya. Anakoka zingwe zachitsulo zonenepa ngati mkono wa mwana kuchokera gombe ili kukafika gombe lija, n'kuzimangirira kuzipilala za simenti. Pazingwezo analendeweretsapo mawaya, pamawayawo n'kuyalapo matabwa motalikirana, mpata wake woti dzanja n'kulowa. Pansi popanda mzati ngakhale umodzi. Anthu anautcha Mkamwini, poti umanjenjemera ngakhale ataupondapo mwana wamng'ono.

Ine tsiku loyamba ndinafika ndi thumba la chimanga pamutu, ndikupita kuchigayo ndi amayi anzanga. Ndinaponda thabwa loyamba, lachiwiri, kenako ndinayang'ana pansi. Ana inu, madzi aja anaima, mlatho ndiwo unayamba kuthamanga kulowera kumtunda, ine ndili pompo. Ndinabwerera chokwawa, thumba anatola ndi ena. Musafunefune chifukwa chake, kuti mwina ndili mwana ndinamirapo kapena ndinaona zoopsa. Palibe chinandichitikira. Ena amaopa bilimankhwe, ena amaopa jekeseni ngati a Madalitso awa amene anakwera mumtengo wa mango tsiku la katemera. Ine ndimaopa madzi oyenda pansi pa mapazi anga.

Ndiye zaka zinapita ndisanawoloke. Chimanga changa ankapita nacho anzanga, ine n'kumawalerera ana. Kusikelo ndinkazungulira kumsewu waukulu, kumene kuli mlatho wa simenti, kunyamuka mbandakucha n'kubwerako dzuwa litapendeka, mwana kumsana. Njinga zamoto mukukwerazi kunalibe. Lamulungu agogo anu ankawoloka okha kupita kutchalitchi, ine n'kumamvera nyimbo tsidya lino mphepo ikaloza kwathu. Ndinkadziuza kuti palibe chimene ndikutaya, poti Mulungu amamva ndi tsidya lino lomwe.

Amene ananditsegula makutu ndi a Nachisale, mayi wa m'mudzi muja amene ankabwera ku esiteti kudzagulitsa tomato ndi mpiru. Anali mayi wamtali, wosadziwa kubisa mawu. Tsiku lina atandipimira tomato sananyamuke. Anakhala pakhonde, n'kukonza mpango wawo.

"Mayi a Esinati, mundikhululukire, ndinenepo," anatero. "Maliro angati apita kutsidya osakuonani? Amuna anu amabwera, inde, amakumba nawo, palibe amene angawanene. Koma kusiwa kumafunika nkhope ya mzimayi. Anthu ayamba kulankhula. Akuti mkazi wa tenanti uja ndi wodzimva."

"Si kudzimva ayi, amayi. Ndi mlathowu."

"Ine ndamva. Koma anthu samva za mlatho, amamva za amene wabwera ndi amene sanabwere. Maliro n'kulirana, mayi. Inu ndinu obwera, manda anu ali kutali. Tsiku likadzakugwerani, mudzagogoda khomo la yani?"

Sananame. Tenanti analibe manda. Chaka chomwecho banja lina loyandikana nafe linataya mwana, ndipo bambo wake anachita kukagwada kutsidya kupempha malo oti amuike. Anawapatsa chifukwa mkazi wawo sankajomba pa zovuta za m'mudzimo. Ine ndinayang'ana Esinati akusewera ndi zisononkho pabwalo, mtima unandiwawa koopsa. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, tomato nditamusiya pakhonde pomwepo.

Agogo anu atabwera kumunda anandipeza maso ali psuu. Sanali munthu wofunsa kawiri. Anasamba, anadya, kenako anati, "Amayi, kodi chimene mumaopa pamlatho paja n'chiyani kwenikweni? Kugwederako?"

"Kugwedera ayi. Pa lole tinagwedera usana wonse, ndinafa? Ndi kuonako. Ndikangoona madzi akuyenda m'mipata muja ndi m'mbalimu, mutu umazungulira."

"Ndiye mukapanda kuona?"

"Ndiwoloke nditatsinzina, ndikagwere m'dziwe?"

"Ayi, ndangofunsa," anatero, n'kutenga wailesi yawo.

Inali nyengo ngati ino, mwezi wa Ogasiti. Fodya atapita ku okushoni, zigafa zili mbee, nazale tisanayambe. Ndi nyengo yokhayo imene tenanti amawongola msana. Koma ndinaona agogo anu sakupuma. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha matumba otha a feteleza, akuti akufuna kukonza nkhokwe. Ankawang'amba, kuwachapa, kenako n'kukhala nawo m'chigafa ndi singano ija yaikulu yosokera mabelo. Pa esiteti yonse panalibe wosoka ngati iwowo, msoko wawo sunkalowa ndi nyerere yomwe. Ndikawafunsa kuti nkhokwe yake ndi yotalika bwanji yofuna nsalu yonseyo, ankangoti, "Chaka chino tikolola kwambiri."

M'mawa wina kunacha bata, masamba osagwedera. Anadzuka ine ndisanasese, n'kunyamula mtolo wawo. A Nyirenda anali atapita kumudzi kwawo, ndiye panalibe wowaletsa. Anamanga matumba aja mbali zonse ziwiri za mlatho, kuyambira pamatabwa kufika pachingwe chogwirira, kuchokera gombe lino mpaka gombe lija. Pansi anayalapo mphasa zakale kutseka mipata yonse, n'kuzimanga ndi luzi. Mkamwini anasanduka kanjira koyera kokhala ndi makoma. Ndipo musaganize kuti anthu anawadzudzula. Anawayamikira! Agogo ena amene ankawoloka akupemphera anati tsopano ndiye wamangidwa mlatho. Ana asukulu ankathamangamo uku ndi uku akukuwa.

Agogo anu anabwera kudzanditenga thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala. "Amayi, valani chitenje chija cha maluwa. Tikaone anthu kutsidya."

Kenako anandiuza zimene achita pamlatho. Ndinayamba kupeza ntchito. Nyemba zili pamoto, sindingazisiye. Mwana sanasambe. Nkhuku yoikira yasowa. Iwo anakhala pachitsa kundidikira, osadandaula, chipewa chili pabondo. Pamene ndinkamanga chitenje chija, dzuwa linali litadutsa pamutu. Inu mwaiona mphepo ya Ogasiti mmene imachitira kuno: m'mawa imanamizira kugona, masana ndiye imadzuka. Esinati tinamusiya kwa oyandikana nawo. Tikutsika kumtsinje, mapesi ndi fumbi zinali zikutidutsa m'njira.

Tisanauone mlatho tinayamba kuumva. Zingwe zinkalira mawu oti sindinawamvepo, kung'ung'uza kochokera pansi, matumba akuwomba phwa, phwa, phwa. Titatulukira pagombe, agogo anu anaima chilili.

Mkamwini masiku onse ankagwedera mwaulemu, kupita uku n'kubwerera. Tsiku limenelo anasintha gule. Matumba a mbali yochokera mphepo anafufuma ngati mimba, mlatho wonse n'kukankhidwira kumbali. Kenako mphepo inalowa pansi pa mphasa zija. Mbali imodzi inkakwera, ina n'kutsika, kenako yotsikayo n'kukwera, ngati mayi akupeta. Ndi zomwe zili mufoni yakozi, Tiyamike, kungoti wathu ndi wamng'ono. Ndipo sikuti mphepo inkakula ayi, inali yomweyo, koma kupotokolako kunkangowonjezeka. Thabwa lina linazuka n'kugwera m'dziwe. Waya wina anaduka kuti thwa! Tsidya lija anthu anali atadzaza pagombe, amayi obwera kuchigayo atatula ufa pansi, abambo akuloza ndi kukuwa. Mwamwayi pamlatho panalibe munthu.

"Ndawaphera anthu mlatho," anatero agogo anu, mawu ali pansi. Anandipatsa chipewa chawo, anasolola mpeni wodulira luzi, n'kulowa chokwawa.

Ndinakuwa kuti bwererani, koma mawu anga mphepo inapita nawo. Ankakwawa chamimba, mwendo atakola kuwaya, akudula luzi limodzilimodzi. Thumba likamasuka linkauluka n'kukagwera kumunsi kwa mtsinje. Atafika pakati, pamene mlatho unkapotokola kwambiri, ndinawaona atapendekeka, miyendo ili m'malere, atagwira ndi manja okha. Ana inu, sindinaganize chilichonse. Sindinaganize za madzi, sindinaganize za Esinati. Ndinkangowaitana ndi dzina lawo lenileni, limene sindinalitchulepo pagulu chikwatirane. Layisoni! Layisoni!

Anabwezera miyendo pamatabwa, anapitiriza kudula. Matumba akuchepa, mlatho unayamba kufatsa. Anakafika kutsidya, n'kubwerera akudula mbali inayo, akukankhira mphasa m'madzi. Pomaliza Mkamwini anabwerera kukhalidwe lake lakale, kumangonjenjemera mwaulemu, mphepo ikudutsa m'mipata mwake. Agogo anu anaimirira, manja ali magazi chifukwa cha mawaya. Atadzutsa mutu anandiyang'ana modabwa, ndipo ndi pamene nanenso ndinadziona pamene ndili. Ndinali pamlatho. Gombe ndinali nditalisiya kumbuyo, patali ndithu, chipewa chawo nditachifinya m'manja. Makoma anali atapita, mipata yonse ili poyera, madzi akuyenda pansi panga.

Mutu unayamba kuzungulira. Kutembenuka kuti ndibwerere sindikanatha, phazi linakana kunyamuka. Ndinamva manja awo akugwira manja anga.

"Amayi, musayang'ane pansi. Yang'anani ine."

"Ndikugwa, bambo a Esinati."

"Simukugwa. Yang'anani pamphuno pangapa. Mwaiona mmene yapindikira? Munaikonda nokha imeneyi, palibe anakukakamizani."

Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Iwo anabweza phazi limodzi m'mbuyo, ine ndinapititsa langa kutsogolo. Anabwezanso lina, ine n'kutsata. Ankafufuza matabwa ndi chidendene, osacheuka ngakhale kamodzi, poti akanacheuka nanenso ndikanayang'ana kumbali. Pamene panazuka thabwa anati, "Apa tambasulani mwendo, ngati mukudumpha mzere wa fodya." Ankandifunsa zopanda pake, kuti nyemba ndathira mchere kodi, nkhuku ija ndinaipeza kuti. Ine m'maso mwanga munali nkhope yawo yokha, fumbi litamatirira pathukuta. Ndinadzidzimuka phazi likuponda dothi. Ndinali kutsidya.

Anthu aja anali atakonzeka kuwakalipira, ena atatola kale mawu. Koma ataona bambo wamkulu akutuluka pamlatho chafutambuyo, atagwira mkazi wake manja onse awiri ngati akuphunzitsa mwana kuyenda, ukali unawathera. Kenako a Nachisale anaimba nthungululu. Anandikumbatira, fungo la utsi ndi tomato, n'kunena kuti, "Mwafika, mayi. Tiyeni mukamwe madzi kwathu." Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Apatseni njira a Chafutambuyo!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, dzina n'kukhala lomwelo.

Mlandu sunathere pakuseka. A Nyirenda atabwerako n'kuona mawaya oduka, anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Akakwiya Chitumbuka chinkatuluka chokha.

"Yayi, dada, yayi! Imwe ndinu munthu wa fodya. Chigafa chanu munachimangapo makoma?"

"Ayi, bambo."

"Chifukwa?"

"Mphepo izidutsa."

"Sono mlatho wanga mwaumangira makoma chifukwa chavichi? Mipata ija mumayesa matabwa anandithera? Ndinaisiyira mphepo! Mlatho wolendewera sulimbana ndi mphepo, umaipatsa njira. Inu mwaitsekera pakhomo, ndiye imafuna idutse ndi nyumba yomwe."

Agogo anu anangoweramitsa mutu. Atafunsidwa kuti anachitiranji zimenezi, anati, "Ndimafuna mayi a kunyumba awoloke." A Nyirenda anawayang'ana nthawi yaitali, anayang'ana ine, n'kutola chipewa chawo. Chilango chinali choti acheke matabwa atsopano ndi kugwira nawo ntchito yokonza mpaka ithe. Pokonzapo a Nyirenda anawonjezera zingwe zina, zija mumaziona zochokera pakati pa mlatho kupita m'mbali, kukamangidwa kumagombe kumtunda ndi kumunsi. Anati zimenezo ndi zogwira mlatho m'chiuno mphepo ikafuna kuuvinitsa. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa anakhala pa ubwenzi, moti a Nyirenda ndiwo anadzakhala ankhoswa pamene tinkadalitsa ukwati wathu kutchalitchi.

Chimene sindinachimvetse zaka zonsezi ndi chakuti mphepo inali yomweyo koma gule ankangokula. Wandimasulira ndiwe m'mawa uja, Tiyamike, ndi sukulu yako ya zomangamangayo. Wati mphepo ikagunda khoma imasweka n'kupanga timikamvuluvulu, kena pamwamba, kena pansi, mosinthana, ndipo tikagwirizana ndi kagwedezeke ka mlatho timaukankha pa nthawi yake, monga mmene mumakankhirana pa katungwe. Wokankha safuna mphamvu zambiri, amangofuna kudziwa nthawi. Watinso milatho ikuluikulu ya masiku ano amayamba apanga kakang'ono n'kukapemerera mphepo m'nyumba kuti aone ngati kavine. Ndiye ukadzamanga wako, mwanawe, udzasiye mipata. Banja lino linayeza kale, ndipo linalipira ndi matabwa.

Mantha anga sanathe, musanamizidwe. Anthu amati ukachita chinthu kamodzi wazolowera, koma ine ayi. Ulendo uliwonse unali ngati woyamba. Ndiye ulendo uliwonse agogo anu ankafika pamlatho, n'kutembenuka, n'kutambasula manja. Lamulungu lililonse. Tsiku la msika. Kukagwa maliro kutsidya ankasiya khasu m'munda, kudzandiwolotsa, ine n'kukagona kusiwa ndi amayi anzanga, m'mawa iwo ali pagombe kundidikira. Nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza mpaka kumanyambita matabwa, ankandiimbira nyimbo zakwathu kuti ndisamve mkokomo. Ndili ndi pakati pa bambo ako, Madalitso, mimba inkafika kwa iwo ine ndisanafike, ndiye ankati tsopano akuwolotsa anthu awiri pa mtengo wa mmodzi. Achinyamata ankawaseka, ana ankawatsanzira poyenda chafutambuyo kupita kusukulu. Iwo analibe nazo ntchito. Ankati kutsogolo anakuona kale, kulibe chachilendo.

Nthawi zina ndinkachita manyazi, n'kunena kuti lero ndiyesa ndekha. Ankavomera, n'kuima pambali. Ndikaponda thabwa lachiwiri ndinkangomva manja afika kale. Katungwe n'kukankhana, ana inu, nanenso ndinali ndi kumene ndinkawagwira manja. Munthu ameneyu ankaopa chipatala kuposa mmene ine ndinkaopera madzi, ndipo dzino lawo lomaliza anachotsa nditawakhalira pamiyendo. Koma zimenezo anthu sankaziona, ndiye dzina linagwera iwo okha.

Esiteti itatha, eni ake anatigawira malo ano, ndipo mudzi wa kutsidya unatilandira ngati anthu awo. Tinakalamba tikuwoloka. Chakumapeto maso awo anachita khungu, miyendo n'kumanjenjemera kuposa Mkamwini mwini wake. Ndinkati tiyeni tikwere njinga yamoto tizungulire kumsewu. Ankakana. Ankati poyenda chafutambuyo maso alibe ntchito, chidendene chimadziwa thabwa lililonse. Ndiye tinkawoloka choncho, nkhalamba ziwiri, wina wosaona, wina woopa kuona, osadziwika kuti akugwira mnzake ndani.

Anatisiya mwezi ngati uno. Ambiri a inu munali ku sukulu, munafika mwambo utatha, ndiye izi simunazione. Mudzi unapereka malo kumanda kwawo popanda ife kukagwada. Amayi a kutsidya anadzaza nyumba ino, ena anagona m'chigafa muno. Tsiku loika, adzukulu, osati inu, koma aja okumba manda ndi kunyamula maliro, ananyamula bokosi kutsika nalo kumtsinje, miyendo itatsogola. Kunali mphepo, zingwe zikung'ung'uza. Ine ndinali pambuyo, amayi atandigwira mbali zonse. Titafika pachipilala, mapazi anga anaima okha. Ndinayang'ana pamene agogo anu ankatembenukira masiku onse, panalibe munthu. Amayi anayesa kundikoka, ena anati abweretse njinga yamoto ndizungulire kumsewu, ndikawapeze kumanda. Ndinkangoona bokosi likulowa pamlatho, agogo anu akupita osandiyang'ana.

Ndi pamene ndinamva ndodo ikugogoda pasimenti. Anali a Nachisale, atakalamba, msana utapindika, koma pakamwa pali pomwe paja.

"Adzukulu, taimani! Bwererani nalo bokosilo."

Anyamata aja anayang'anana. Maliro sabwerera m'mbuyo, aliyense amadziwa. Mkulu wa mpingo anayamba kunena kuti amayi, nthawi yatha.

"Ndati bwererani, mulitembenuze. Munthu ameneyu akamawoloka pano ndi mkazi wake sankamufulatira. Muyambitse lero ndinu?"

Anabwerera pang'onopang'ono mpaka pagombe, analitembenuza, mutu n'kutsogola, nkhope n'kuloza kwa ine. Onyamula kumbuyo anapatukana pang'ono kundisiyira kampata. Ndinaika manja onse awiri pabokosi. Sindinayang'ane pansi. Ndinayang'ana pamene ndinkadziwa kuti pali mphuno yopindika ija, ndipo tinawoloka.

Pobwerera anandizungulitsa kumsewu, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindinapondenso pamlatho paja. Ndikafuna kukasesa pamanda ndimakwera njinga yamoto, n'kumafika mafupa onse akulira. Ndawasowa agogo anu, ana inu. Ndimawasowa kwambiri mphepo ikayamba chonchi.

Tsono tamverani, poti mwakumana pamodzi lero, ndipo wina asadzati sanamve. Iwe Madalitso, leka kutafuna. Tsiku langa likadzafika, ndikudziwa mudzabwera ndi magalimoto anu, mudzafuna kundizungulitsa kumsewu waukulu kuti zioneke zaulemu. Ndakana. Mudzandiwolotse pa Mkamwini, kaya kuli mphepo kaya kulibe. Ndipo wina asadzachite nzeru zonditembenuza. Mudzatsogoze miyendo, nkhope iloze kutsidya. Sindidzayang'ana pansi. Ndikudziwa amene adzakhale ataima kumapeto kwa matabwa, atatambasula manja.